Kutikitidwa Minofu Pampando Kuntchito: Ubwino Wake ndi Zofunika Kusamala

Ikamakwana 3 koloko masana, ambiri ogwira ntchito pakompyuta amakhala atayamba kale kudzifinyafinya kukhosi. Mapewa akwera m'mwamba ngati munthu wozizidwa, mutu ukuwawa kuchokera kunkhongo, mano alumana mwiniwake osadziwa. Apakauntala kubanki, atelala, olandira mafoni tsiku lonse, onsewa ululu umenewu amaudziwa. Munthu akapanikizika, thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira ndipo minofu imakungika ngati akufuna kuthawa chilombo. Tsono chilombocho chikakhala mulu wa ntchito wosatha, minofu imakhala chikungikire mpaka poweruka, ena mpaka kukagona nayo choncho.

N'chifukwa chake makampani ena amaitana katswiri wotikita minofu kuti abwere kuofesi komweko ndi mpando wake wopinda. Ambiri amangoti masaji a pampando.

Zimachitika bwanji?

Simuvula zovala, ndipo sakupakani mafuta. Mpandowo mumaukhala ngati mukugwada: mawondo pakhushoni, chifuwa chatsamira pakhushoni ina, nkhope ili pakatsamiro koboola pakati kuti muzipuma bwino, manja mwawayala pakathabwa kutsogolo. Mukakhala chotero mpando ndi umene wasenza thupi, ndiye khosi ndi msana zimayamba kumasuka wotikitayo asanakukhudzeni n'komwe. Iye amaima kumbuyo n'kumakanikiza ndi zikhatho, zala zazikulu, mwina ndi chigongono, kutsika mbali zonse ziwiri za fupa la msana, kenako m'mapewa, kunkhongo, m'mikono mpaka kuzala. Zonsezi zimatenga mphindi 10 mpaka 20, mukatero mwabwerera padesiki.

Amene anatchukitsa njirayi ndi David Palmer wa mumzinda wa San Francisco, m'dziko la America. Mu 1984 ankatikita ogwira ntchito pakampani ya Apple, ndipo mpando wapaderawu unatuluka mu 1986. Luso lake analitenga ku anma, katikitidwe kakalekale ka ku Japan. Koma zotonthoza thupi ndi manja si zachilendo kwa ife. Ambirife tinathowedwapo ndi agogo, kansalu koviika m'madzi otentha kali m'manja, ndipo alipo abambo amene pochokera kumunda ankauza mwana kuti awaponde pamsana.

Kumathandizadi?

Inde, ngakhale thandizo lake ndi la kanthawi. Kafukufuku amasonyeza kuti munthu akangotikitidwa nkhawa imatsika, mtima umagunda modekha, BP imatsikako pang'ono, ndipo kuwawa kwa khosi ndi mapewa kumachepa. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kutikita minofu m'gulu la njira zimene zingathandize odwala msana kwa nthawi yaitali, pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi. Vuto la msana si laling'ono: mu 2020 linakhudza anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lonse.

Palinso phindu lina limene anthu saliwerengera. Kwa mphindi 15 foni ili kutali, maso atsinzina, palibe akukufunsani lipoti. Kwa ena imeneyi ndi nthawi yokhayo patsiku imene amapuma mokoka mpweya mpaka m'mimba.

Musakhulupirire akakuuzani kuti masaji amachotsa poizoni m'thupi, kapena kuti amachiza BP, shuga ndi matenda a maganizo. Amene mukumwa mankhwala a kuchipatala pitirizani kumwa.

Ndani ayenera kusamala?

Apa m'pofunika kumvetsetsa. Musatikitidwe ngati thupi latentha kapena muli ndi chimfine. Musalole kukhudzidwa pamene pali bala, chithupsa, zipere, mphere kapena mashingozi, ngakhalenso pamene munathyoka kapena kuchitidwa opaleshoni posachedwapa. Ngati mwendo umodzi watupa, ukutentha ndiponso ukuwawa kukatumba, mwina magazi aundana mumtsempha. Thamangani kuchipatala, chifukwa kutikita kungasunthe chibuluma cha magazicho n'kukatseka m'mapapo.

Amayi oyembekezera, amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, a mafupa ofooka, odwala khansa, matenda a mtima kapena BP yokwera kwambiri, ayambe afunsa adokotala, ndipo amuuze wotikitayo asanakhale pampando. Katswiri weniweni amayamba ndi mafunso otere. Amene akungoti "khalani apa" osafunsa kalikonse, mukayikireni.

Muonenso ngati wapukuta katsamiro ka nkhope ndi mankhwala ophera majeremusi, wayalapo pepala latsopano, komanso wasamba m'manja atamaliza ndi mnzanu. Kukanikiza kumamveka ndithu, koma kusafike pokulumitsani mano. Zikapweteka nenani, musapirire chifukwa cha ulemu. Kutsogolo kwa khosi, kumene kumadutsa mitsempha yopita kuubongo, asakanikizeko. Ena amachita chizungulire kapena kukomoka kumene pampandowu, makamaka amene sanadye kanthu chiyambire m'mawa, choncho idyani kenakake, ndipo akamaliza dzukani pang'onopang'ono.

Zizindikiro izi si za masaji, n'za chipatala lero lomwe: kuwawa pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, dzanzi kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, kukhota pakamwa, mutu woyamba mwadzidzidzi umene simunaumvepo, khosi louma limodzi ndi kutentha thupi, ndi msana wowawa pamene mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha. Ndipo ngati papita masabata awiri mukusowa tulo, simukukondwa ndi chilichonse, kapena mukuganiza zodzivulaza, kaonaneni ndi a zaumoyo kapena fotokozerani munthu amene mumamudalira.

Kwa olemba anthu ntchito

Bungwe la WHO limanena kuti chaka chilichonse masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika padziko lonse chifukwa cha nkhawa ndi matenda okhumudwa. Mu 2019 linafotokoza kuti kutoperatu ndi ntchito kumabwera pamene kupanikizika kwa kuntchito kwatenga nthawi yaitali osakonzedwa. Gwero lake ndi ntchito yochuluka kuposa anthu, maola aatali, kuzunzidwa ndi mabwana, malipiro ochedwa. Wotikita minofu sangakonze zimenezi. Mukamuitana Lachisanu pamene anthu atatu akusenza ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi, Lolemba mapewa adzakhala atakweranso.

Mukafuna kuyambitsa, pezani katswiri wokhala ndi satifiketi, mupatseni chipinda chabata, ndipo nthawiyo isadulidwe pa ola la nkhomaliro. Pasakhale wokakamizidwa. Ena safuna kukhudzidwa ndi munthu wachilendo chifukwa cha chipembedzo, chikhalidwe kapena zimene anakumana nazo m'mbuyomu, ndipo sakuyenera kufotokozera aliyense chifukwa chake. Amene akufuna wotikita wamkazi kapena wamwamuna apatsidwe mwayi wosankha. Zimene wantchito wauza katswiriyo zokhudza thanzi lake zithere pampando pomwepo, zisafike kuofesi ya abwana.