Mukapeza dambo lili zii, lembani ziro

Aliyense wodzipereka kudzathandiza kuwerenga mbalame za m'madambo amafika ndi funso limodzi: zonsezi, zosakhazikikanso pamalo amodzi, tiziwerenga bwanji?

Timayamba ndi khumi. Mumaima m'mphepete mwa dambo m'mamawa, dzuwa lili kumsana kuti lisakuthobweni m'maso, n'kuloza magalasi oonera patali kumapeto kwa gulu la atsekwe. Mumawerenga khumi, mmodzimmodzi. Mukaona kukula kwa malo amene khumiwo atenga, mumangoyendetsa maso pang'onopang'ono: 10, 20, 30, mpaka gulu litatha. Likakhala la zikwizikwi, muyeso umakhala 100. Akadzidzimuka n'kuuluka onse, mumadikira atere, n'kuyambiranso. N'chifukwa chake sitiyandikira kwambiri, ndipo sitilankhula mokweza. Za mayina musade nazo nkhawa. Kakowa, vuwo ndi nantchengwa ambiri mumawadziwa kale, ndipo zovuta kusiyanitsa mumaphunzira poyenda ndi anzanu ozolowera.

Kalembera wa mbalame za m'madzi wa padziko lonse anayamba mu 1967, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International. Amachitika pakati pa Januwale, mayiko ambiri nthawi imodzi, kuti mbalame imene yawerengedwa kuno isakawerengedwenso kwina itasamuka. Manambalawa ali ndi ntchito yaikulu. Pangano loteteza madambo limene linasainidwa ku Ramsar, m'dziko la Iran, mu 1971, limazindikira dambo kukhala lofunika padziko lonse ngati kawirikawiri pamapezeka mbalame za m'madzi zokwana 20,000, kapena imodzi mwa mbalame 100 zilizonse za mtundu umodzi. Popanda owerenga, umboni wotere ungachokere kuti?

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Munthu akapita n'kupeza dambo lauma, mbalame palibe, amabwerera osalemba kanthu, poganiza kuti wayenda ulendo wachabe. Ayi ndithu. Tikaona mpata pafomu, sitidziwa ngati mbalame kunalibe kapena munthu sanapiteko. Ziro wolembedwa amatiuza kuti wina anaima pomwe paja, anayenda njira yomwe ija, pa nthawi yomwe ija, ndipo pamene chaka chatha panali abakha mazanamazana anapeza matope ong'aluka. Ziroyo mulembepo tsiku, ola, ndi mmene madzi analili.