Nyanja ikadzaza, madzi a ku Beira alibe kolowera

Ndatopa kumva anthu akuti Beira imasefukira chifukwa cha mvula yambiri. Kodi ku Mulanje mvula sigwa? Vuto la Beira, ku Mozambique, ndi lakuti mzindawu uli m'chidikha pamatsiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo madera ena ndi otsika kuposa pomwe nyanja yamchere imafika ikadzaza, monga imachitira kawiri patsiku. Mvula ikagwa nthawi imeneyo, madzi a m'ngalande alibe kotsikira, amadikira kuti nyanja iphwe kaye. Ife okonza mapulani a mizinda ntchito yathu ndi kuwasiyira podikirirapo: madambo, ndi timitsinje ngati Chiveve.

Chiveve ameneyu anali atasanduka dzala. Atamukumbanso n'kuika chitseko chotchinga madzi a m'nyanja, kusefukira m'madera ozungulira kunachepa. Namondwe Idai atafika pa 14 Marichi 2019, chomwe chinasakaza kwambiri pakati pa mzinda ndi mphepo yosasula madenga.

Koma Praia Nova imandisowetsabe tulo. Ndi mudzi wa asodzi, pamchenga penipeni, pomwe mafunde amadya gombe chaka ndi chaka. Idai atapita, mabanja ena anawasamutsira kumtunda, kutali ndi nyanja. Ena anabwerera. Musawanene kuti ndi osamva. Msodzi mwamupatsa poloti kopanda nsomba, kopanda msika, adya mapulani anuwo? Tikamajambula malo atsopano osafunsa kuti munthu azipeza bwanji ndalama ya ufa, timangomubwezera kumadzi. Mitengo ya mangrove, yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja, yomwe ikanafooketsa mafunde nayo ikuthera ku makala ndi milimo ya nyumba, chifukwa cha njala yomweyo.

Ndiye pali madobadoba. Amagulitsa poloti m'dambo mwezi wa Okutobala kuli gwaa, mmisiri wosaphunzira n'kudzati, "Bwana musadandaule, tithira dothi malole angapo, maziko tikweza." Madziwo sathawa ayi, mwangowakankhira kwa mnzanu wakuseri. Naye athira lake. Mapeto ake msewu ndiwo umasanduka mtsinje, zimbudzi n'kusefukira, kolera n'kubuka monga zinachitikira Idai atangodutsa.

Feteleza ndi mafuta ambiri obwera ku Malawi amadutsa padoko lomweli, choncho Beira ikamira ifenso timamva kuwawa. Inu amene bizinesi yakukokerani kumeneko ndipo mukufuna malo, musalipire nthawi ya chilimwe. Kaoneni polotiyo mu Febuluwale, muyang'ane mzere wa matope pazipupa za oyandikana nawo, kenako mukafunse ku khonsolo ngati pamenepo si njira ya madzi.