Mpikisano umathera pa mamita 18 oyambirira

Munthu akabwera ndi galimoto yake yakalekale, kaya ndi Camaro ya 1969 kaya Mustang, n'kunena kuti akufuna kuyamba mipikisano ya drag, ija yothamangitsana galimoto ziwiri pa msewu wowongoka waufupi, pempho lake loyamba limakhala la injini. Amafuna kabuleta yaikulu, amafuna mphamvu zochuluka. Ine ndimayamba ndamufunsa za kapepala ka nthawi kamene amapereka munthu akamaliza kuthamanga. Pa kapepalako pamakhala manambala angapo, koma diso langa limafikira pamene palembedwa kuti "60 ft". Imeneyi ndi nthawi imene galimoto yatenga kuti iyende mafiti 60 oyambirira, omwe ndi mamita 18 ndi pang'ono. Mtunda wonse ndi kota ya mailo, mamita 402, koma ambiri ongoyamba kumene amagonjera pa kachidutswa koyambiriraka. Galimoto yamatayala wamba ikanyamuka bwino imatenga pafupifupi masekondi 2.0. Mukaona 2.4 kapena 2.5, musavutitse injini. Matayala anu amapalasa.

Akatswiri a masewerawa amati mukachotsa 0.1 pa nambala imeneyi, kumapeto mumapindula pafupifupi 0.15 kapena 0.2. Kuti mupeze zomwezo pokonza injini pamafunika ntchito yaikulu ndithu.

Vuto la galimoto zakalezi lili pa kamangidwe kake. Kutsogolo kuli chiinjini cha V8 chachitsulo cholemera, kumbuyo kuli buti yopanda kanthu, chonsecho matayala okankha ndi akumbuyowo. Mwayi wake ndi wakuti ikamanyamuka imadzutsa mphuno n'kukhalira kumbuyo, ndipo kulemerako kumapanikiza matayala pansi. Koma zimenezi zimafuna kanthawi, ngakhale kochepa bwanji. Mukaponda moto wonse kamodzin'kamodzi, mphamvu imafika pa tayala kulemera kusanafike, ndipo tayala likayamba kupalasa siligwiranso ngati lija limene langotsala pang'ono kupalasa. Utsi umafuka, anthu amakuwa mosangalala, mnzanu wa mbali inayo ali kutali.

Choncho chida choyamba chothandiza matayala kugwira ndi phazi lanu lamanja. Pondani ngati mukufinya, osati ngati mukupha chinkhanira. Pa galimoto ya otomatiki, phazi lamanzere likhale pa buleki, lamanja likweze injini pang'ono, mwina kufika pa 1,000 kapena 1,200 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi) poyamba. Nthawi ikakwana, chotsani buleki ndipo phazi lamanja litsike mosadukiza mpaka pansi m'kati mwa sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ikanyamuka osapalasa, ulendo wotsatira kwezani injini pang'ono. Pa galimoto ya giya yamanja, yambirani cha m'ma 2,000 rpm. Kalachi itulutseni mwachangu koma phazi likuiperekeza, osangoitaya. Injini ikafooka ngati ikufuna kuzima, mwayambira pansi kwambiri. Matayala akalira, mwayambira pamwamba. Malo abwino ali pakati pomwepo, ndipo galimoto iliyonse ili ndi ake.

Nthawi zina injini imatsamwa mukangoponda, ndiye n'kudzambatuka. Kawirikawiri imeneyo ndi nkhani ya kabuleta: mpweya walowa wambiri, petulo wachedwa. Kapampu kamene kamafayira petulo mukaponda moto kamafuna kuchunidwa. Ndi ntchito yaing'ono kwa makaniko wodziwa makabuleta a Holley kapena Quadrajet.

Musanafike pa mzere woyambira mupeza malo othiridwa madzi, pamene anzanu amatenthetsera matayala mpaka utsi kuti tolotolo. Zimenezo n'za matayala osalala aja a mpikisano, amene mphira wake umamata ukatentha. Ngati muli pa matayala a mumsewu, lambalalani madziwo. Mizere ya tayala imasunga madzi, ena amathovukira m'kati mwa madigadi, ndiye amadzadontha pa mzere penipeni pamene mukufuna pouma. Mumadziwonongera nokha, mumawonongeranso amene akubwera pambuyo panu. Zunguzani matayala kamphindi chabe pouma kuti timiyala tichoke, basi.

Mpweya wa matayala akumbuyo muutsitse pang'ono kuti mphira wambiri ukhudze pansi. Pa tayala wamba, yambirani cha pa 28 psi n'kumatsika ndi 2 nthawi iliyonse. Musatengeke n'kutsitsa kwambiri, chifukwa tayala la mtundu umenewu likaphwa limapinda pakati n'kumagwira ndi m'mbali mokha, ndipo kumapeto kwa mtunda galimoto imayamba kuyendayenda. Akutsogolo apopeni mokwanira kuti azigubuduka mopepuka. Onaninso zaka za matayalawo. Galimoto zakale zambiri zimakhala ndi matayala a mizere yakuya bwinobwino koma mphira utauma gwa chifukwa chokhalitsa m'garaja. Manambala anayi omalizira pa chizindikiro cha DOT, cholembedwa m'mbali mwa tayala, amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2014. Tayala loterolo, ngakhale mulinyengerere bwanji, siligwira.

Tsopano chimene chimathyola zitsulo. Galimoto zambiri za nthawi imeneyo kumbuyo zili ndi masipuling'i aatali osanjikizana aja. Matayala akamazungulira kupita kutsogolo, ekiselo yonse imafuna kupotokera kumbuyo, ndipo imapinda sipuling'i kukhala ngati chilembo S. Sipuling'iyo ikafika pothera imabwerera mwamphamvu, tayala limadumpha, limatera, limagwira, n'kupindanso. Zonsezi zimachitika kangapo pa sekondi imodzi. M'kati mwa galimoto mumamva du du du du, ngati wina akumenya pansi ndi hamala, galasi loonera kumbuyo likunjenjemera moti simuonamo kanthu. Anthu a masewerawa amati wheel hop.

Ine ndinaphunzira mowawa. Tsiku lina, ndisanadziwe zambiri, galimoto inayamba kudumpha chotero ndipo ndinaganiza kuti ndikalimbikira kuponda isiya yokha. Ndinangomva phwaa, injini n'kukuwa yokha galimoto itaima. Kamtanda kolumikiza pulopushafuti, chitsulo chopititsa mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo, kanali katasweka, tizitsulo take tili mbwee pa phula, ndipo mpikisano unaima kuti anthu asese. Manyazi ake sindiiwala. Ikayamba kudumpha, chotsani phazi nthawi yomweyo. Ulendo umenewo wapita kale, pulumutsani ekiselo.

Mankhwala ake amayambira pa zinthu zosasangalatsa: mashoko otopa, mabushi a mphira ong'ambika, masipuling'i amene anyamula galimoto zaka 50. Zimenezi zikakhala bwino, m'pamene mungaike zitsulo zotchedwa traction bars, zimene zimamangidwa pansi pa sipuling'i kuti ekiselo isapotoke, ndipo mphamvu yopotokayo imasanduka yokanikizira tayala pansi. Galimoto zambiri za Dodge ndi Plymouth zinkabwera ndi kamphira pamwamba pa difu (magiya a pakati pa ekiselo) kogwira ntchito yofanana nayo, ndipo kukasendeza pafupi ndi thupi la galimoto kumathandiza.

Mukanyamuka, tayang'anani zimene mwasiya pansi. Mzere wakuda umodzi wokha, kawirikawiri wa tayala lakumanja, ukutanthauza kuti difu yanu ndi yotseguka: tayala limodzi likaterereka, linzake limangolandira mphamvu yochepa yomweyo. Mutha kutsimikiza kunyumba. Kwezani matayala onse awiri akumbuyo pa zochirikiza zolimba, giya ili pa nyutulo, muzunguze limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mobwerera, ndi yotseguka. Difu yogawira matayala onse awiri, imene Chevrolet inkaitcha Positraction, Ford n'kumati Traction-Lok, Chrysler n'kumati Sure-Grip, imasintha zinthu kuposa kabuleta iliyonse imene mungagule. Ena amachotsanso chitsulo cha kutsogolo choletsa galimoto kupendekeka kuti mphuno idzuke msanga, ena amasamutsira batire kubuti. Batire mukaisamutsa, malamulo a NHRA, bungwe loyendetsa mipikisanoyi ku America, amafuna swichi yozimitsira magetsi onse kunja kumbuyo kwa galimoto, ndiye musangoyamba osawerenga. Malamulo omwewo amafuna chisoti cholimba mukafika pa masekondi 13.99 kapena kuchepera pa mtunda wonse. Ine ndimati valani kuyambira tsiku loyamba.

Za magetsi oyambitsira mpikisano sindichulukitsa. Tayala lakutsogolo likadula kuwala koyamba kopingasa njira pa mzere woyambira, nyali yoyamba pamwamba imayaka. Mukasendera masentimita pafupifupi 18, yachiwiri imayaka. Imani pomwepo ikangoyaka, musapitirire, chifukwa kampata kotsalako kamakupatsani liwiro wotchi isanayambe. Kenako nyali zitatu zachikasu zimayaka motsatizana, zotalikirana theka la sekondi. Nyamukani yachitatu ikayaka. Mukadikira yobiriwira mwachedwa. Koma pa masiku oyeserera iwalani zonsezi. Wotchi ya nthawi yanu imayamba pamene tayala lachoka pa mzere, osati pamene nyali yobiriwira yayaka. Mutha kukhala masekondi awiri mukupuma, mukukonza mapazi, ndipo nambala ya "60 ft" sisintha.

Tengani kabuku ndi cholembera. Ulendo uliwonse lembani mpweya wa matayala, rpm yonyamukira, kutentha kwa tsikulo ndi zimene zatuluka. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo umodzi. Mukatsitsa mpweya, n'kukweza rpm, n'kusinthanso mashoko nthawi imodzi, ikafulumira simudziwa chimene chathandiza, ikachedwa simudziwa choti mubwezere. Ndipo ngati galimotoyo mukubwerera nayo kunyumba pamsewu, nyamulani pampu. Popani matayala akumbuyo aja ndipo mumangenso chitsulo cha kutsogolo chija musanatuluke pa geti.