Sefa ya zolaula imene sidziwa Chichewa

Kuno ku Harare, Achewa a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene amagwira ntchito m'maofesi amaidziwa nkhaniyi: watumiza imelo yabwinobwino, mwina uthenga wa maliro, koma kompyuta ya kuntchito yaibweza, ati muli mawu otukwana. Vutoli ndi lakale, ndipo linayambira kutali.

Mu Epulo 1996 kampani ya intaneti ya ku America yotchedwa AOL inakaniza anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England kulembetsa pa intaneti. Sefa yake, pulogalamu yogwira mawu olaula, inapeza zilembo zinayi zolaula m'Chingerezi zitabisala pakati pa dzina la tauniyo. Mpaka lero akatswiri a makompyuta vutoli amalitchula ndi dzina la tauni yomweyo. Chakumapeto kwa 1995 kampani yomweyi inali italetsanso mawu a Chingerezi otanthauza bere, amayi odwala khansa ya m'mawere n'kusowa poyankhulira za matenda awo. Inachotsa chiletsocho anthu atadandaula.

Sefa zoterezi sizimva tanthauzo. Zimangokhala ndi mndandanda wa zilembo zoletsedwa, zikazipeza paliponse, ngakhale m'kati mwa mawu ena, zimagwira kalata yonse. Ndiye taganizani sefa imene anailembera kuti igwire "fuk": Mchewa angalembe mizere ingati osatchula "chifukwa"? Koma munthu atatukwana mnzake m'Chichewa chenicheni, kutchula za amake zomwe, kalatayo imadutsa bwinobwino.

Ngakhale aphungu zinawagwera. Mu February 2003 sefa yatsopano ya ku House of Commons, nyumba ya malamulo ya ku London, inatsekereza maimelo okamba za lamulo la milandu yogonana limene aphunguwo ankakambirana nthawi yomweyo. Inagwiranso makalata olembedwa m'chilankhulo cha ku Wales, poti sinkachidziwa.

Za ku Wales zi n'zimene zimandikhudza ine. Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 amawerengera Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, ulemu umene agogo athu, obwera kudzagwira ntchito mzinda uno ukali Salisbury, sanauone. Komabe mapulogalamu osefawa amagulidwa kunja, mindandanda yake ili ya Chingerezi. Amene amayang'anira makompyuta pa ofesi angathe kuikamo mawu ololedwa kuti asamagwidwe, koma amachita zimenezi wina akadandaula, ndipo wotumiza kawirikawiri sauzidwa n'komwe kuti kalata yake yatsekeredwa.