Dizilo wapadera pa boti la hayala asasungidwe m'chigubu cha mafuta ophikira

Ndatopa nawo mawu akuti dizilo sayaka. Amene amawanena kawirikawiri ndi eni maboti a hayala, kapena alendo amene abwereka boti kuti azungulire zilumba za ku Cape Maclear, ndipo amalankhula uku akukankhira chigubu chachikasu cha mafuta ophikira kunsi kwa mpando, pafupi ndi injini. N'zoona kuti dizilo sagwira moto msanga ngati petulo, pakuti dizilo wabwino amayenera kutentha kupyola madigiri 55 kuti mpweya wake uyake. Komatu paipi yotulutsa utsi wa injini imatentha kuposa pamenepo kutalitali, ndipo dizilo akadonthera pa paipiyo, kapena akalowerera m'sanza zopukutira injini, amabutsa moto umene madzi a m'nyanja sangauzimitse koma kungoufalitsa. Boti lililonse lonyamula mafuta liyenera kukhala ndi chozimira moto cha ufa pamalo pofikirika.

Chigubu cha mafuta ophikira sichinapangidwire ntchito imeneyi. Pulasitiki yake ndi yopyapyala, imalimba ndi kung'aluka ikakhalitsa padzuwa, ndipo chivindikiro chake sichitseka bwino, n'chifukwa chake mumaona anthu akupindira jumbo pakamwa pake asanatseke. Chofunika ndi chigubu chachitsulo kapena cha pulasitiki yochindikala chopangidwira mafuta a injini, cholembedwa kuti muli dizilo, ndipo chisadzazidwe mpaka kukhosi chifukwa dizilo amafufuma akatenthedwa. Malita 20 a dizilo amalemera pafupifupi makilogalamu 17, choncho chigubu chosamangidwa chikhoza kuthyola mwendo wa munthu mafunde akakula. Chimangidwe chili chilili pamthunzi popita mphepo, kutali ndi injini, batire ndi mbaula, osati m'chipinda chogona anthu.

Za malamulo sinditalikitsa. Maboti onyamula anthu amayendetsedwa ndi lamulo la Inland Waters Shipping Act ndipo amayenderedwa ndi Marine Department, nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, pamene za kagulidwe ndi kasungidwe ka mafuta zili m'manja mwa MERA, nthambi yoyang'anira za mafuta ndi magetsi m'dziko muno, imene m'nyengo zosowa mafuta yakhala ikuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Wobwereka boti asakweze mafuta ake mwini boti asakudziwa, ndipo ngozi itachitika, a inshulansi akhoza kukana kulipira.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi dizilo wa kwa mavenda. Ndinaitanidwapo kukaona boti limene injini yake inazima pakati pa nyanja m'nyengo ya mwera, muli amayi ndi ana, ndipo linapulumuka chifukwa asodzi analiona likutengeka ndi mafunde n'kulikokera kumtunda. Nditatsitsa dizilo wa pansi pa thanki m'botolo loonekera, madzi anakhazikika pansi ochuluka ngati kutalika kwa chala, ndipo pakati pa madziwo ndi mafuta panali matope akuda onanda, amene amabwera ndi tizilombo toswana pamene madzi akumana ndi dizilo. Mafutawo anagulidwa m'mbali mwa msewu, anakhala m'chigubu miyezi ingapo, kenaka anathiridwa onse mpaka dontho lomaliza popanda kusefa. Palibe amadziwa chimene venda wathiramo, ndipo ngati wasakaniza palafini kapena petulo kuti achulukitse, madigiri 55 aja sakugwiranso ntchito ndipo injini ikuwonongeka mkati.

Chondipweteka n'chakuti injiniyo inachenjeza. Kwa masabata angapo inkatsokomola ndi kutaya mphamvu, koma mwini wake, poona kuti alendo achuluka, ankati adzaikonza nyengo ikatha. Atatopa nayo anaitana makaniko wa pansi pa mtengo, amene anapeza kuti sefa ya mafuta yatsekeka, ndipo m'malo moika yatsopano anaichotseratu n'kulumikiza mapaipi mwachindunji. Injini inalira bwino tsiku limenelo, munthuyo analandira ndalama zake, ndipo zinyalala zonse zinalunjika ku pampu ya mafuta. Makaniko aliyense wokuuzani kuti sefa ndi yosafunika, kapena wothira petulo m'dizilo kuti injini idzuke msanga, musamulole kukhudzanso boti lanu.

Pothira mafuta a m'chigubu, boti likhale litakocheza, injini itazimitsidwa, fodya atazimidwa, ndipo mugwiritse ntchito fanulo yokhala ndi sefa, n'kusiya otsalira a pansi m'chigubumo. Akatayikira, apukuteni ndi nsanza zimene mukatayire kumtunda, ndipo musathire sopo pamadzi kuti mafuta asaoneke, chifukwa sopoyo amangowamiza n'kuwafikitsa kumene kuli mbuna ndi nsomba zina. Dizilo amene wakhalitsa, muyambe mwamuthira pang'ono m'botolo loonekera ndi kumusiya akhazikike musanamulole kulowa m'thanki.