Bulangeti la ulusi wonenepa: singano ndiyo imalamula

Ambiri amene akuphunzira kuluka ndi singano ya crochet amafuna kuyambira pa bulangeti la ulusi wonenepa, ndipo ine sindiwaletsa. Ntchito yake imayenda msanga, mizere ingapo yokha mwaona kale chinthu chikukula pamiyendo. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri limabwera pamapeto: bulangeti latuluka lolemera, louma gwa ngati thabwa, loti mukafunda silitsata thupi. Nthawi zambiri woluka sanalakwe kalikonse. Singano ndiyo inachepa.

Pa pepala lokulunga mpukutu wa ulusi pamakhala nambala. Bungwe la Craft Yarn Council la ku America linagawa ulusi malinga ndi kunenepa kwake m'magulu kuyambira 0 mpaka 7. Gulu 5 ndi bulky, ndipo singano yake ndi ya mamilimita 6.5 mpaka 9. Gulu 6, super bulky, limafuna 9 mpaka 15, pamene gulu 7, jumbo, limayambira pa 15 kupita m'mwamba. Manambalawa ndi poyambira chabe. Chipewa kapena dengu loluka zimafuna masitichi othinana kuti ziime, koma bulangeti limafuna mpata woti ulusi uzisuntha. Pa bulangeti sankhani singano ya kumtunda kwa mlingowo, ndipo ngati dzanja lanu limakoka kwambiri, kwezaninso ndi milimita imodzi kapena ziwiri.

Sitichi nayonso ili ndi mbali yake. Single crochet ndi yaifupi ndiponso yothinana, imadya ulusi wambiri n'kuumitsa nsalu. Half double ndi double crochet ndi zazitali, zimafewa, ndipo mpukutu umafika patali. Apa muchenjere ndi malangizo olukira: chimene a ku America amati single crochet, a ku Britain amati double crochet, ndipo double ya ku America ku Britain ndi treble. Mukaona mawu oti single crochet, dziwani kuti malangizowo ndi a ku America.

Musanagule ulusi wonse, lukani kachidutswa ka masentimita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi. Ambiri amakazemba, amati n'kutaya nthawi. Komatu kachidutswako kamayankha mafunso atatu. Kapachikeni pa dzanja: ngati kakugwa mofewa, singano ili bwino, ngati kaima njo, kwezani. Kenako werengani masitichi. Mukapeza 8 pa masentimita 10, bulangeti la masentimita 120 m'lifupi lifuna masitichi 96. Pomaliza kaikeni pa sikelo. Bulangeti la 120 ndi 150 ndi tizidutswa totere 45, ndiye ngati kanu kalemera magalamu 40, mufunika magalamu 1,800. Onjezani mpukutu umodzi wapadera, ndipo yonse ikhale ndi nambala imodzi ya dye lot, yosonyeza ulendo umene ulusiwo unanyikidwa mu utoto, chifukwa ulusi wa mtundu womwewo wonyikidwa ulendo wina umasiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera bwino bulangeti likayalidwa pabedi.

Tcheni choyambira chilukeni momasuka, ngakhale ndi singano yokulirapo. Chikathina, m'munsi mwa bulangeti mumakhwinyata pamene kumtunda kukutambasuka.

Vuto lina ndi m'mphepete. Sitichi imodzi ya ulusi wonenepa imaposa sentimita, motero mukamaphonya yomaliza pa mzere uliwonse, pofika mzere wa 10 bulangeti layamba kale kupendekera mkati. Mangani kaulusi ka mtundu wina pa sitichi yoyamba ndi yomaliza, ndipo muziwerenga pakapita mizere ingapo.

Za mtundu wa ulusi ndilankhule mosabisa. Mabulangeti okongola aja a pa Instagram, a ubweya wa nkhosa wosapota umene amati roving, ndi abwino pa chithunzi basi. Ubweya wosapota umathothoka n'kupanga timibulu pakangopita masiku ochepa mukufunda. Chenille, ulusi wokhala ngati veleveti, ndi wofewa, ana amaukonda, koma masitichi ake saoneka, mumachita kuwafufuza ndi zala, ndipo mukauluka motayirira kwambiri timalupu timatuluka pamwamba. Uwu wokha ndiye musaukwezere singano. Kwa woyamba kumene, ulusi wopotedwa bwino wa acrylic, kapena wosakaniza acrylic ndi ubweya, wa mtundu wowala, ndiye wosavuta.

Mpukutu ukatha musamange mfundo, pa ulusi wotere imakhala chotupa choti muzichimva mukagona. Lowetsani ulusi watsopano pomaliza sitichi ya kumapeto kwa mzere, musiye michira ya masentimita 15, kenako muisokerere mkati mopita ndi mobwerera.

Pochapa, ubweya wa nkhosa sufuna madzi otentha kapena kufikisa, umagwirana n'kufupika osabwereranso. Acrylic amachapika mosavuta koma amaopa simbi. Mulimonsemo, bulangeti lonyowa musalipachike pa chingwe, kulemera kwa madzi kumalikoka mpaka kutalika mbali imodzi. Lifinyeni pang'onopang'ono m'kati mwa thaulo, muliyale pamalo athyathyathya, muwongole ngodya zake ndi manja lisanaume.