Yang'anani duwa limene sisitereyu wagwira

Ophunzira anga a luso lojambula ndikawaonetsa chithunzi cha Convent Thoughts, ambiri amathamangira nkhope ya sisitere amene ali pachithunzicho. Ine ndimawauza kuti atsitse maso kaye, aone dzanja lake.

Chithunzichi anachijambula ndi Charles Allston Collins, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo chinaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha bungwe la ojambula la Royal Academy mu mzinda wa London mu 1851. Lero chili ku Ashmolean Museum ku Oxford. Sichachikulu ayi, kutalika kwake sikukwana ndi mita imodzi yomwe. Sisitere wachitsikana waima m'munda wa maluwa m'mbali mwa dziwe, momwe akakombo akuyandama ndipo tinsomba tofiira tikusambira. Kudzanja lina wagwira buku la mapemphero, zala zili pakati pa masamba kuti asataye pomwe amawerenga. Koma sakuwerenga. Maso ake ali pa duwa limodzi lomwe wagwira kudzanja linalo.

Duwalo inu mumalidziwa. Ndi la mtundu wa magalagadeya, omwe aja amayanga pa mpanda kuseri kwa nyumba. Likadzamasula mudzalithyole n'kuliyang'ana pafupi. Amishonale a ku Spain atalipeza ku South America anaonamo masautso a Yesu: tiulusi tozungulira pakati ndi chisoti chaminga, timitu titatu pamwamba ndi misomali, tina tisanu m'munsi mwake ndi mabala asanu. Masamba khumi a duwalo anati ndi atumwi, kuchotsapo Yudasi wompereka ndi Petulo womkana. Choncho sisitereyu sanasiye pemphero, wangolipeza m'duwa. Apa m'pamene pagona chithunzi chonse, ndipo munthu wosalidziwa duwali amangoona mtsikana wosirira maluwa basi.

Collins sanajambule maluwawa kuchokera m'mutu. Anakhala m'munda wa Thomas Combe, mkulu wa makina osindikizira mabuku a yunivesite ya Oxford, n'kumajambula duwa lililonse monga analionera. Umu ndi mmene ankachitira anzake a gulu la ojambula lotchedwa Pre-Raphaelite, lomwe linayamba mu 1848, ngakhale iye sanalowe m'gululi. Kujambulira panja kunali kutaphweka chifukwa mu 1841 John Goffe Rand anatulukira kachubu kofinya kosungiramo penti. Kale penti ankamusunga m'zikhodzodzo za nkhumba, ndipo ukangoboola sankachedwa kuuma.

Funso lomwe ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, bwanji mitundu yake ikuwalabe patatha zaka zoposa 170? Ojambula a gululi ankayamba apaka nsalu yonse penti woyera, kenaka n'kuika mitundu pamwamba mopyapyala kwambiri ndi tiburashi tating'ono. Kuwala kumadutsa mtunduwo, kugunda poyera paja, n'kubwerera m'maso mwathu. N'chifukwa chake masamba obiriwira amaoneka ngati angonyowa ndi mame. Ntchito yake ndi yapang'onopang'ono, yofuna mtima, pakuti penti wa mafuta sauma ngati madzi pa nsalu yoyanika. Amalimba pogwirana ndi mpweya, ndipo pamatenga masiku.

Pa nthawiyo sionse anachikonda. Mu 1850 Papa anali atangobwezeretsa mabishopu achikatolika ku England, anthu ambiri atakwiya, ndiye chithunzi cha sisitere chinawanyansa ena. John Ruskin, mlembi wotchuka wounika zojambula, amene sankagwirizana ndi Chikatolika, analembabe kalata mu nyuzipepala ya The Times kuyamikira mmene zomera za m'dziwe zinajambulidwira. Combe uja anachigula n'kuchipachika m'nyumba mwake.